Jinja Sachiza Malungo

Mu 2021, Covid-19 itavuta, nyumba zambiri kuno kwa Njewa ndi ku Chinsapo zinkanunkhira jinja wowiritsa ndi mandimu. Muzu umenewu ngwakalekale. Qur'an imautchula kuti zanjabil m'Surah 76, ndipo asing'anga a ku China amasiyanitsa wauwisi, sheng jiang, ndi wouma, gan jiang. Mseru umachepadi, wachimfine amamvako bwino.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti makolo ena amamwetsa mwana wotentha thupi tiyi wa jinja mpaka masiku atatu. Malungo sadikira, makamaka kwanuko kunyanja. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi. Akapezeka nawo adzalandira LA, mankhwala amene gwero lake ndi chitsamba china cha ku China komweko, chotchedwa qinghao.