CHENJEZO: Malo a internship sagulidwa

Makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo, ndi inu achinyamata a ku Ntchisi ndi ku Dowa amene mwamaliza kapena mwatsala pang'ono kumaliza maphunziro a ukachenjede, imvani izi. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama kuti akupezereni malo a internship (ophunzirirapo ntchito) ndi wakuba. Musamutumizire ngakhale tambala.

Uthenga wa akubawa umafika pa WhatsApp kapena pa Facebook uli ndi chizindikiro cha boma kapena cha bungwe lodziwika, wonena kuti malo atsala ochepa ndipo akutseka mawa. Kenako foni imalira. Woimbayo amalankhula mwaulemu, amatchula dzina lanu lonse, mwinanso sukulu yanu, kaya LUANAR, MUBAS kapena Mzuni. Amati dzina lanu latuluka, kwangotsala ndalama ya fomu ndi ya kuchipatala, mutumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala ya munthu. Mukatumiza, mawa lake pamabuka china chofunanso ndalama. Tsiku lomwe mwafunsa kalata yokuitanani ku ntchito, nambala ija sipezekanso. Musakopeke poti akukudziwani. Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite amatulutsidwa poyera, ndipo zithunzi mutavala mkanjo wa digiri mumaziika nokha pa intaneti.

Ndondomeko yeniyeni ya boma yophunzitsa ntchito omaliza maphunziro idayamba mu 2018, Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma. Idakonzedwera achinyamata 5,000, aliyense kulandira K80,000 pamwezi, ndipo imayendetsedwa ndi Unduna wa Zantchito. Boma ndilo limalipira wophunzira ntchito. Wophunzirayo salipira boma. Ngati mwamva za malo, kwerani galimoto kapena kabaza kuchokera ku Malomo, ku Nthondo kapena ku Khuwi, mukafike pa Boma ku ofesi ya zantchito, mukafunse pamaso. A ku Mponela ndi ku Madisi chimodzimodzi, pitani ku Dowa. Ngati atchula kampani kapena bungwe, kafikeni pa ofesi yake, osati kuimba nambala imene iwo omwewo akupatsani.

Makolo, akubawa amadziwa pokugwirani. Mudagulitsa fodya ndi soya zaka zinayi kuti mwana aphunzire, lero wabwerera kumudzi ndi digiri, akupalira nanu kumunda, anthu akunong'onezana. Wina akangoti ntchito yapezeka, mbuzi imatuluka m'khola tsiku lomwelo. Manyazi amenewa ndiwo akudyetsa akuba. Kusowa ntchito kwa mwanayo si mlandu wake, anzake ambiri m'dziko muno ali momwemo, ndiye musamukankhire kulipira mothamanga.

Zoopsa kwambiri ndi za malonjezo a ntchito za kunja. Mu 2024 BBC idaonetsa za amayi a ku Malawi amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Chaka chomwecho bungwe la nkhani la AP lidalemba za atsikana a mu Africa amene adaitanidwa ku Alabuga, ku Russia, kuti akaphunzire uku akugwira ntchito, koma adakawaika mu fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, komabe lamulolo silingakuthandizeni msanga mutawoloka kale nyanja. Musapereke pasipoti, chiphaso cha unzika kapena satifiketi yeniyeni kwa munthu amene mwadziwana naye pa foni. Wofuna kuona mapepala anu mpatseni fotokope. Musasainire mgwirizano umene simunauwerenge, kapena wolembedwa m'chilankhulo chimene simuchimva.

Ngakhale malo atakhala enieni, pemphani kalata yonena nthawi imene mudzakhalepo, amene adzakuyang'anireni ndi ndalama zimene muzidzalandira. Bwana wofuna kugona ndi mwana wamkazi kuti amupatse malo akuphwanya lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo nkhani yake ndi ya kupolisi.

Ngati mwatumiza kale ndalama, musabise. Sungani mauthenga onse ndi nambala imene idalandira ndalamazo, dziwitsani Airtel kapena TNM lero lomwe, kenako kanenani kupolisi. Mafumu ndi azibusa, lengezani zimenezi pamisonkhano, kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro sabata ino.