Mwana wojambula motoka kumbuyo kwa buku tisam'kalipire

M'masukulu athu muno mu Kasenengwa simusowa mwana amene masamba akumbuyo a buku lake la masamu anadzaza zithunzi za mamotoka, mabasi ndi njinga zamoto. Aphunzitsi akaona amati akusewera. Makolo akaona amati akuwononga buku logulidwa ndi ndalama za nshawa. Ife tikuti mwana wotere apatsidwe pepala lina ndi munthu wom'tsogolera, cifukwa cimene akucita ndi ciyambi ca nchito yeniyeni.

Cinthu ciriconse coturuka m'fakitale cinayambira pa pepala: foni, pulawo, pampu ya mjigo, ngakhale mpando wa pulasitiki umene timakhalira pa maliro. Wina anakhala pansi nkuganiza za kutalika kwake, pogwirira pake ndi poikira zomangira, asanadule citsulo ngakhale cimodzi. Munthu ameneyo amalipidwa bwino kuposa amene amangomanga zimene wapatsidwa.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa zomwezi. M'nthawi ya Dr Kenneth Kaunda mu Chipata munali fakitale ya Luangwa Industries, kumene kunkacokera njinga za Eagle zimene agogo athu amazichulabe. Ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza mamotoka a Fiat. Mamotoka aja anali ojambulidwa ku Italy, ife tinkangolumikiza zigawo zake, ndipo fakitaleyo itatsekedwa sitinatsale ndi motoka yathuyathu yoti nkupitiriza nayo.

Ena anatenga njira ina. Jelani Aliyu anakulira ku Sokoto, kumpoto kwa Nigeria, ndipo ankakonda kujambula mamotoka kuyambira ali mwana. Anapeza thandizo la maphunziro, napita ku College for Creative Studies ku Detroit, kenaka analowa nchito ku General Motors. Motoka yamagetsi ya Chevrolet Volt imene inaonetsedwa koyamba mu 2007 inacokera pa zojambula zake, ndipo mu 2017 boma la Nigeria linam'patsa utsogoleri wa bungwe loona za kapangidwe ka mamotoka. Ku Uganda, ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite ya Makerere anapanga kamotoka kamagetsi ka Kiira EV mu 2011. Lero kampani ya Kiira Motors ikupanga mabasi a Kayoola ku Jinja.

Luso lokha silikwanira, ndipo apa tilankhule ndi acinyamata. Kukopera cithunzi ca Land Cruiser pa foni mpaka cifanane bwino ndi kosangalatsa, koma wopanga zinthu amajambula cimene kulibe, m'njira yakuti wina athe kucipanga. Amayamba ndi zotopetsa: kulemba mizere yowongoka popanda lula, masamba athunthu, kujambula mabokosi kucokera mbali zosiyanasiyana, mbali yakutali ikucepa monga momwe diso limaonera, kujambula wilo lopendekeka, limene silioneka lozungulira koma lophwaphwatika ngati dzira. Ojambula mamotoka amagwiritsa nchito wilo ngati muyeso. Pa motoka yaing'ono wamba, pakati pa wilo lakutsogolo ndi lakumbuyo pamalowa mawilo pafupifupi atatu, ndipo denga limakhala pa msinkhu wa mawilo awiri ndi pang'ono. Ambiri amayeserera ndi bolopeni, kuti dzanja lizolowere kulemba mzere kamodzi osadalira kufufuta. Pambuyo pake cinthu cimodzi cijambulidwe katatu, kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, ndi miyeso yake m'masentimita. Mwana amene amathawa masamu aona yekha apa kuti sangawathawe.

Ana athu sayambira pacabe. Mwana wa zaka khumi amene amapinda waya nkupanga galimoto yokhala ndi ciwongolero cimene cimatembenuzadi mawilo akutsogolo wamvetsa kale zinthu zimene ena amaphunzira ku koleji. Cimene sanaphunzire ndi kuika nzeruyo pa pepala kuti mnzake apange yofanana nayo iye palibe.

Makolo adzatifunsa kuti, nanga nchito yake ili kuti, popeza muno mulibe fakitale ya mamotoka? Funsoli ndi loona. Mwa ana ambiri amene akujambula lero, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzafike ku Detroit. Koma tiyang'ane pakhomo pathu. Ngolo zambiri zimalemera kutsogolo nkumatupitsa ng'ombe pakhosi. Kaliyala wa njinga za anyamata onyamula anthu ndi makala mu Chipata amathyoka pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Mbaula zina zimadya makala ngati ng'anjo. Owocherera zitsulo ku Kapata kawirikawiri amalandira nchito ya pakamwa, mwini wake akulozera ndi manja, ndipo citsulo cikadulidwa molakwika mkangano umabuka. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kujambula ndi miyeso angathe kupulumutsa citsulo, ndalama ndi ubale. Makina okonolera cimanga, osendera nshawa ndi mipando ya olemala yotha kuyenda mumcenga zikudikira munthu woziganizira bwino.

Njira zilipo. Phunziro la Design and Technology lili m'ndondomeko ya masukulu, ngakhale kuti masukulu ambiri akumidzi alibe zipangizo zake. Chipata Trades Training Institute ili pafupi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iriyonse, ndipo gawo lina ndi lolipirira acinyamata maphunziro a luso la manja. Pa misonkhano ya mawadi timapempha milatho ndi madesiki, ndipo nkoyenera. Tizipemphanso mapepala, mapensulo, matabwa ojambulira ndi mphunzitsi wa phunziroli.

Inu aphunzitsi, mukapeza motoka kumbuyo kwa buku, m'funseni mwanayo kuti citseko cake cimatseguka bwanji, ndipo injini yakhala pati. Inu makolo, buku limodzi lopanda mizere silingathetse ndalama za feteleza. Ndipo inu amisiri, mwana wojambulayo muloleni akhale pa shopu panu Loweruka ndi tepi m'manja, apime cimene mukupanga ndi kucijambula. M'mera mpoyamba.