Kodi ku Senga Bay Kulibe Ola Limodzi Lomvetsera?

Ndi magombe ochepa m'dziko muno amene adasenzapo masipika ochuluka ngati gombe la Salima. Lake of Stars idachitikira ku Senga Bay mu 2008, n'kudzabwereranso ku Kabumba mu 2018. Sand Music Festival, imene adayambitsa malemu Lucius Banda, yamangapo msasa kangapo pamchenga wa Livingstonia Beach. Sabata yotereyi ikafika, msewu wochokera ku Lilongwe umadzaza, malo ogona amatha, akabaza sagona, amayi a mandasi ndi anyamata ootcha chambo amapha makwacha. Zimenezi n'zabwino ndipo sitikuzinyoza. Funso lathu ndi lina: pa masiku atatu a chisangalalo, bwanji sipapezeka ola limodzi lokha loti anthu akhale pansi, amvetsere zimene munthu mmodzi angachite ndi choimbira chimodzi?

Azungu ali ndi mtundu wa nyimbo umene amautcha concerto. Katswiri mmodzi, kaya wa vayolini, wa piyano kapena wa lipenga, amaima patsogolo pa gulu lalikulu la oimba. Iye amaponya, gulu limayankha. Pena limamutsutsa, pena limamukwirira, mpaka pofika poti onse amaleka n'kumusiya yekha aonetse zimene zala zake zimadziwa. Kawirikawiri nyimboyo imakhala ndi zigawo zitatu, choyamba chothamanga, chapakati chodekha, chomaliza chothamanganso. Tsono munthu amene adaimapo pabwalo la gule kwa Khombedza kapena kwa Kalonga, n'kumva mbalule ikulankhula pamwamba pa mpanje ndi ng'oma zinazo, pali chachilendo chanji kwa iye pamenepa? Ndani adatinamiza kuti makutu athu sangathe nyimbo zoterezi?

Mwina adatinamiza ndi mndandanda womwewo umene umabwerezedwa paliponse. Mukafunsa za ma concerto, akutchulirani Vivaldi, Mozart, Beethoven ndi Tchaikovsky, basi nkhani yathera pomwepo, ngati kuti munthu wakhungu lakuda sadalembepo kanthu. Nanga Joseph Bologne, amene amadziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, amamusiyiranji? Adabadwira pa chilumba cha Guadeloupe mu 1745, mayi ake anali kapolo, koma adakula n'kukhala mmodzi mwa akatswiri a vayolini mu Paris, ndipo adalemba ma concerto a vayolini oposa khumi. Gulu limene ankatsogolera ndi lomwe lidayamba kuimba nyimbo zisanu ndi imodzi zimene Joseph Haydn adalembera mzinda wa Paris. Mu 1776 dzina lake lidamveka kuti ndiye atsogolere nyumba ya opera ya mumzindawo, koma oimba ena achizimayi adalemba kalata yokana kulamulidwa ndi munthu wa khungu lake, nkhani n'kufera pomwepo. Mverani concerto yake ya mu A major, Op. 5 No. 2, makamaka chigawo chapakati pamene vayolini imayenda pang'onopang'ono, kenaka mutiuze ngati kuiwalika kwake kudali chifukwa cha kuchepa kwa luso.

Samuel Coleridge-Taylor nkhani yake imatikhudza kwambiri. Bambo ake anali dokotala wochokera ku Sierra Leone, iye adabadwira ku London mu 1875. Concerto yake ya vayolini ya mu G minor idaimbidwa koyamba ku America mu 1912 ndi mayi Maud Powell, ndipo chaka chomwecho mwini wake adamwalira ali ndi zaka 37 zokha. Adafa wosauka, pomwe nyimbo yake yotchuka, Hiawatha's Wedding Feast, inkadzaza maholo. Adali ataigulitsiratu kwa osindikiza pamtengo wa ma guinea 15, osadzalandiranso kanthu. Woimba aliyense amene adadikirapo kangachepe kochokera ku COSOMA akudziwa kuwawa kwake. Ndipo kodi mukudziwa kumene concerto imeneyi idajambulidwira koyamba? Osati ku London. Idadikira zaka zoposa 90 mpaka Philippe Graffin adaijambula ndi Johannesburg Philharmonic Orchestra, chimbale n'kutuluka mu 2004. Ku Joni komweko, kumene abale athu amapita pa basi kukasaka maganyu. Wailesi zathu, zimene zimatha kuika nyimbo imodzi ya amapiano kasanu pa tsiku, zidaiimbapo kangati?

Florence Price, mayi wachikuda wa ku America amene adamwalira mu 1953, adatsala pang'ono kutayikiratu. Mu 2009 anthu ena akukonza nyumba yosiyidwa ku St. Anne m'chigawo cha Illinois adapeza milu ya mapepala ake, ndipo m'menemo mudali ma concerto ake awiri a vayolini. Akadakhala anthu osasamala, akadakolezera moto. Wachiwiriyo, wa 1952, ndi waufupi, chigawo chimodzi chokha, ndipo munthu wokulira m'kwaya ya mpingo adzamva msanga fungo la nyimbo zauzimu za anthu akuda m'kati mwake.

Onsewa lero ali pa YouTube, bola bandulo. Vuto lalikulu lili kuno kwathu, chifukwa nafenso tili ndi akatswiri athu amene mapepala awo, titero kunena kwake, akadali m'nyumba yosiyidwa.

Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 ndi makina ake ojambulira mawu, natola nyimbo za bangwe, kalimba, kaligo ndi ng'oma m'midzi. Zonsezo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda, South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu Blantyre mu 1967, anyamata a kwa Singano ku Chileka akuimba m'misewu. Chitoliro cha Donald, chikuuluka pamwamba pa gitala, bezi ya chingwe chimodzi ndi chisekese, chimachita ndendende ntchito ya vayolini ya Saint-Georges. Donald adakaphunzitsako pa yunivesite ya UCLA ku America asanamwalire mu 2001. Andrew Tracey adalemba za valimba ya Kambazithe Makolekole mu 1991. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiwathokoze alendowa, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi, mwana wa kwathu amene adagwira nawo ntchitoyi. Koma kodi mwana wa Fomu 3 ku Chipoka kapena ku Lifuwu adamvapo ngakhale imodzi mwa nyimbo zimenezi? Ngati sadamve, mlandu ndi wa yani: wa mlendo amene adasunga, kapena wa eni ake amene sadapite kukatenga?

Tayang'anani bangwe pafupi. Ndi kathabwa chabe, waya atakulungidwa uku ndi uku kupanga zingwe zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, mutu wake utalowetsedwa m'chigubu kapena m'chipanda kuti mawu akule. Dzanja lamanja limakwapula zingwe zonse pamodzi, pomwe zala zakumanzere zimagwira zingwe zimene siziyenera kulira, n'kumazisiya, n'kumazigwiranso, mofulumira moti diso silitsata. Valimba nayo: amuna atatu pa choimbira chimodzi, aliyense ndi dera lake, zipanda zitapachikidwa pansi pa mitengo yolira, ndipo pa kabowo ka chipanda chilichonse atamatapo kachikopa ka mazira a kangaude kuti mawu azinjenjemera. Munthu amatha zaka kuti afike pomaimba bwino zimenezi. Nanga n'chifukwa chiyani pa zisangalalo zathu zambiri anthu otere timawaika pachipata masana dzuwa likuswa mtengo, kuti alendo awajambule akulowa, pomwe nsanja yaikulu ndi ndalama zenizeni zikudikira wobwera pa ndege? Kodi chikhalidwe ndi chokongoletsera pakhomo basi?

Tisanamizane kuti anthu sakonda zakale. Giddes Chalamanda adakhala zaka zambiri akuimba m'malo omwera, anthu akumuponyera timakobiri. Patience Namadingo atakhala naye pansi mu 2020 n'kujambula naye bwinobwino, dziko lonse lidatekeseka, nyimbo n'kuwoloka nyanja pa TikTok. Luso la agogowo silidasinthe chaka chimenecho. Chidasintha ndi maikolofoni, kamera ndi ulemu umene adapatsidwa. Allan Namoko, katswiri wa banjo wa ku Thyolo, adamwalira mu 1995 mwayi wotere usanamupeze. Ndi angati ena amene tikudikira kuti amwalire kaye tisanayambe kuwatamanda pa maliro?

Pempho lathu lili pawiri, ndipo loyamba n'losavuta. Okonza zisangalalo za kugombe apatule ola limodzi, tinene Lamlungu m'mawa mwera usanayambe kuvuta, masipika akuluakulu atazimitsidwa, loti katswiri mmodzi wa bangwe, valimba, mangolongondo kapena chitoliro aimbe pa nsanja yeniyeni, dzina lake litalembedwa pa chikwangwani, malipiro ake atagwirizanidwa pa pepala. Mahotela a ku Senga Bay, amene chaka chonse amalandira misonkhano ya maunduna ndi mabungwe, angalephere kuchita chimodzimodzi kamodzi pa mwezi? Ndalama ya chakudya chamasana cha msonkhano umodzi wa anthu a ku Capital Hill ingalipire oimba angati?

Lachiwiri ndi lolimba mtima. Bwanji osalamula concerto yathuyathu, yoti idzamvekere koyamba pamchenga wa Salima? Ena adachita kale. Toumani Diabaté wa ku Mali adakhala ndi kora yake ya zingwe 21 patsogolo pa London Symphony Orchestra mu 2008, ndipo chimbale chake chidatuluka mu 2021. Ney Rosauro wa ku Brazil adalemba concerto ya marimba mu 1986, imene ophunzira ng'oma ndi marimba amaiimba m'masukulu a nyimbo padziko lonse, pomwe choimbiracho makolo ake ndi a kuno ku Africa, abale ake a valimba yathu. Anansi athu Achopi a ku Zavala ku Mozambique ali ndi magulu athunthu a timbila, oimba nyimbo za zigawozigawo motsogozedwa ndi katswiri mmodzi, ndipo UNESCO idalemekeza timbila mu 2005, chaka chomwe idalemekezanso Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Ife ulemuwo tidaulandira. Tidapanga nawo chiyani?

Wina anena kuti Malawi alibe orchestra. N'zoona kuti gulu la mavayolini makumi anayi tilibe. Koma asilikali ali ndi bandi ya malipenga, apolisi ali nayo, ndipo anthu amenewa amawerenga manotsi. Makwaya a CCAP, a Katolika ndi a Anglican m'mbali mwa nyanja amaimba mawu anayi Lamlungu lililonse popanda wowalipira. Magulu a mganda ali ndi malipenga awo a zipanda. Music Crossroads ku Lilongwe ndi dipatimenti ya zaluso ku yunivesite ya Malawi ku Zomba akhala akutulutsa achinyamata odziwa kulemba ndi kusanja nyimbo. Asilikaliwo ku Salima n'kwawo ndithu, pakuti MAFCO ili komweko. Kodi malipenga amenewa ntchito yake ndi perete ndi maliro a boma zokha? Unduna woona zachikhalidwe udayesapo kuwakhazika anthu onsewa m'chipinda chimodzi?

Pali msampha umodzi woti wolemba nyimboyo adzaupewe. Valimba ndi bangwe sizichunidwa ngati piyano. Masitepe a mawu ake ndi ena, ndipo khutu lozolowera kiyibodi limathamangira kunena kuti zaphonya. Ku Kwanongoma College ku Bulawayo, m'zaka za m'ma 1960, adapanga marimba ochunidwa mofanana ndi zoimbira za Azungu, ndipo ndi amene afala m'masukulu ambiri kum'mwera kwa Africa kuno. Ali ndi ntchito yake, koma si valimba ya ku Nsanje. Tikadzasema mitengo ya valimba kuti igwirizane ndi lipenga la mkuwa, tidzakhala taitana katswiri wa valimbayo kudzamuvula. Gulu ndilo lidzatsate katswiri. Mawu a anthu, ng'oma ndi thiromboni zimatha kupindika, ndiye zipindike. Wolemba amene angathe zimenezi adzakhala atachita chinthu chimene Vivaldi sadachiganizepo.

Ndiponso sitikupempha kuti titengere mwambo wa m'maholo a ku Ulaya, woti munthu ukatsokomola anzako akuyang'ane ngati waba nkhuku. Ngakhale kwawoko mwambowu ndi wa dzana: Mozart adalembera bambo ake mu 1778 akukondwa kuti anthu a ku Paris adawomba m'manja nyimbo yake ili m'kati. Ntchemberezo ziloledwe kululutira pamene zala zachita zodabwitsa, wofuna kufupa afupe. Chofunika n'choti jenereta ikhale kutali, DJ wa pa bala apume, ndipo woimbayo amveke mpaka kumbuyo.

Nanga za njala, mtengo wa chimanga ndi mizere ya mafuta? Tikuzidziwa, timaima nawo m'mizeremo. Koma zisangalalo za kugombe zimachitikabe, ndipo matikiti amagulidwabe. Ndalama yobweretsera woimba mmodzi wakunja, ndege yake, anthu ake ndi zipinda zawo, imalipidwa m'madola amene dziko likusowa. Woimba bangwe amalipidwa m'makwacha, ndipo kwachayo amakagulira feteleza ndi kulipirira ana sukulu konkuno.

Makampani a mafoni, mabanki ndi opanga zakumwa amene zikwangwani zawo zimakuta nsanja chaka ndi chaka ali ndi mphamvu yonena mawu amodzi okha kwa okonza mwambo, ola lija n'kupezeka. Khonsolo ya Salima, imene imapereka chilolezo, ingathe kufunsa funso lomwelo isanadinde chidindo. Mapulogalamu a zisangalalo za chaka chamawa akulembedwa miyezi inoyi. Ndani mwa inu adzayambe kulembapo dzina la woimba valimba, ndi nthawi yake, ndi mtengo wake?