Chikalata cha madandaulo pa za nkhalango ya Mchinji

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Mchinji,
Kudzera kwa mafumu athu.

Bwana,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala m'munsimu ndife alimi komanso mamembala a makomiti a zachilengedwe a m'midzi yozungulira nkhalango ya Mchinji. Nkhani yathu si yachilendo kwa inu. Taikamba pamisonkhano ya chitukuko mpaka kukhosi kuuma, n'chifukwa chake lero taiika papepala.

Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1924, ndipo mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri omwewa. Makolo athu anatisiyira masuku, bowa, uchi ndi mphalabungu. Lero mukakwera mupeza zitsa ndi mauvuni a makala akufuka. Timitsinje tomwe tinkathirira tomato ndi kachewere tikuphwa chilimwe chisanafike pakati, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika ndi mchenga n'kukwirira madimba.

Koma chomwe chatiwawa kwambiri ndi ichi. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo itakhwimitsa lamulo la nkhalango la 1997, ife tinaomba m'manja. Timati anthu otimalizira mitengo aona polekera. Nanga lamulolo likugwira ndani? Likugwira bambo wa panjinga amene wamanga matumba awiri m'bandakucha kuti akagulitse pa Kamwendo, apeze ya chigayo ndi sopo. Njinga alandidwa, makala alandidwa, chindapusa chake mpaka agulitse mbuzi. Likugwira mayi wa mtolo wa nkhuni, amene amabwerera kunyumba chimanjamanja, nkhwangwa italandidwa. Pamene malole odzaza makala, pamwamba atayala timatumba ta soya n'kufunditsa tenti, amatuluka usiku n'kulowa mumsewu wa M12 ulendo wa ku Lilongwe. Ife timawamva tili gone m'nyumba zathu. Kodi bwana, malolewa amauluka? Malodibuloko amene amaona njinga amalephera bwanji kuona lole ya matayala khumi? Nkhuyu akudya ndi akuluakulu, koma zikupota ana.

Eni malolewa sakhala m'midzi mwathu muno. Amabwera ndi macheka a injini ndi ndalama m'thumba, n'kulemba ganyu ana athu. Mnyamata amene alibe munda chifukwa malo ambiri kuno ndi maesiteti, amene feteleza wamukanika kugula, amene mtedza wake mavenda anaugula motchipa pasikelo yobera, mu Febuluwale njala itavuta angakane ganyuyo? Akagwidwa amakalowa yekha. Womutumayo mawa lake walemba wina.

Ife a makomiti ndiye tasanduka choseketsa. Timalondera nkhalango titavala mapatapata, opanda jombo, opanda tochi, opanda malipiro. Tikagwira munthu n'kukamupereka, patangopita masiku owerengeka tikumana naye pamsika akutiloza chala. Ena mwa ife auzidwa pamaso kuti nyumba zawo zidzapsa. M'mudzi tadana ndi abale athu enieni chifukwa cha mitengo imene ena akuigulitsa ife tikuona.

Za malonjezo musatiuzenso. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko yobwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndi ina ya zaka khumi yothana ndi vuto la makala. Kuno chimene timaona ndi mwambo. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, galimoto zimabwera, wolemekezeka adzala kamtengo kamodzi, ajambulitsa, agawa matisheti, basi. Mbande zathu zimafika mvula ikutsazika, zina mizu itauma kale m'machubu. Ming'oma ya njuchi tinalembetsa maina, mpaka lero. Mbaula zosatha nkhuni zinathera pa chionetsero.

Mitengo ya zigafa za fodya ndi yootchera njerwa nayo ikuchokera m'nkhalango momwemu. Za odula amene amathawira ku Zambia akathamangitsidwa mukuzidziwa.

Tsono pempho lathu ndi ili. Mubwere nokha, osati kutuma nthumwi, mudzakwere nafe phiri, ndipo usiku wake mudzaime nafe pamsewu muwerenge malole. Tikufuna kumva kuti mwini lole waima m'khoti, osati wa njinga yekha. Makomiti apatsidwe zida ndi chitetezo. Mbande zizifika mvula yoyamba isanagwe, ndipo midzi yosamala nkhalango iloledwe kuika ming'oma ndi kutola nkhuni zouma popanda kuthamangitsidwa ngati mbava.

Takupatsani masiku 21. Akatha tisanamve kanthu, makomiti onse titula pansi maudindo, ndipo tidzabwera pa Boma ndi akazi athu, ana athu ndi nkhalamba zomwe kudzatenga yankho. Achinyamata akhala akunena zotseka njira za malolewa ndi miyala, ndipo amene takhala tikuwaletsa ndife. Bwana, mphamvu zowaletsera zatithera.

Ndife anthu anu,
Alimi ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi yozungulira nkhalango ya Mchinji.