Keke ya ku Mabvuku ndi Chitonzo cha Ophunzira

Pamsonkhano wina wa akatswiri a zilankhulo ndi chikhalidwe, mnzanga wina adaseka amayi a ku Mabvuku ndi Mufakose amene amakonzera ana awo phwando la tsiku lobadwa. Iye adati kumeneku ndi kutsanzira azungu, komanso kusakaza ndalama kwa anthu osadziwa kumene ufa wa mawa uchokere. Omvera adaomba m'manja. Ine ndidangoti duu, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Keke sidalowe m'makomboni a Harare ngati mlendo. Mabvuku ndi Tafara adamangidwa kuti muzikhala antchito a m'nyumba za azungu a ku Highlands ndi Greendale, ndipo ambiri mwa makhukhiwo adali ochokera ku Nyasaland. Agogo athuwo ndiwo ankakanda fulawa ndi kuyatsa makandulo, kenaka n'kubwerera kukhitchini ana a bwana akamayamba kuimba. Mdzukulu wa khukhi akadula keke pakhonde pake, akutsanzira ndani?

Sindikukana kuti phwandoli limaulula amene ali nazo ndi amene alibe. Za ku Borrowdale tizisiye. Kusiyana kowawa kuli pabwalo limodzi. Mwininyumba amene mwana wake amatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg amagula nkhuku ya ku Chicken Inn ndi keke yosanjikiza, n'kulembanso wojambula zithunzi. Loja wa chipinda chakuseri amasungunula Mazoe m'ndowa, amagawa maputi m'manja, keke yake amaphika mumphika pamakala. Ana amaona zonsezi, ndipo mayi wina amalowa m'ngongole pofuna kuti mwana wake asamangoyang'anira pawindo.

Koma wonyoza uja adaiwala kuti si mwana aliyense amene tsiku lake lobadwa lidalembedwa. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa alendo anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo, chifukwa chakuti makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique. Mu 2005 Operation Murambatsvina idagumula zipinda za maloja, ndipo lipoti la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena popezera chakudya. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabweza unzikawo, komabe mu 2021 Amnesty International idapeza zidzukulu za anthu obwera zilibe ziphaso. Kholo lopanda chiphaso limalephera kulembetsa mwana wake, ndipo mwanayo amadzaona mavuto pofuna kulemba mayeso a Grade 7. Kwa banja lotere, kuitana anansi kuti adzaone mwana akuzimitsa makandulo asanu ndi awiri ndi kusonkhanitsa mboni. Kaundula amene ali naye ndi yekhayo.

Ngati nkhani ili pa kusakaza, tiyambire kumtunda. Gulu la 21st February Movement linkakonzera Robert Mugabe phwando la tsiku lobadwa chaka ndi chaka. Mu February 2009, kolera ikupha anthu ndipo ndalama ya 100 trillion itangotuluka kumene, keke yaikulu idadulidwa ku Chinhoyi. Ophunzira angati amene adaseka mokweza nthawi imeneyo? Kuseka loja n'kosavuta, poti alibe apolisi.

Dandaulo langa lili pena, ndipo ndi la mphunzitsi wa zilankhulo. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezedwa m'malamulo a 2013, koma pa maphwando amene ndakhalapo nyimbo imakhala ya Chingerezi, macheza a Chishona. Olemera ndi osauka pamenepa amagwirizana. Agogo amene adakula akutchedwa "mubhurandaya" safuna kuti anzake a mdzukulu amve lilime lawo. Phwando lina ku Tafara ndidawapeza agogo aakazi ataima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja. Nditawapatsa moni m'Chichewa adayang'ana kaye kwa alendo, kenaka adandiyankha monong'ona.