Njinga Iyesedwe pa Thupi ndi pa Chitunda

Aliyense amene anakhalapo pa Nkhata Bay, ngakhale kwa masiku awiri okha podikira sitima ya Ilala, adziwa kuti Mlengi sanaupatse chigwa mudzi wathu uno. Pakuti munthu akangochoka pa doko, pamene asodzi amakocheza mabwato ndipo amayi amayala usipa, kulikonse kumene angaloze, kaya ndi ku Chikale kaya ndi ku mphambano ya msewu wa ku Mzuzu, chitunda chimamuchingamira asanayende n'komwe. N'chifukwa chake ndikamva anzanga, aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki amene a dokotala awachenjeza za kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, akufunsana za njinga yoti agule yongowongolera miyendo madzulo ndi Loweruka, ndimakondwa ndithu, koma ndimagwidwanso nkhawa, podziwa kuti ambiri adzasankha ndi maso chinthu chimene chiyenera kusankhidwa ndi msana, mawondo ndi zikhatho.

Njinga kwathu kuno inafika ngati ulemu, ndipo inakhazikika ngati bulu wonyamula katundu. Makolo athu amene ankachokera ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi Humber kapena Raleigh yakuda, yonyezimira, imene inkapukutidwa tsiku ndi tsiku ndi kugonekedwa m'nyumba. Lero njinga ndiyo imasenza makala, chinangwa ndi odwala, ndipo ku Mzuzu anyamata a Sacramento, onyamula anthu pa njinga, amadyetsa nayo mabanja awo. Chotero munthu wamkulu akamapalasa wopanda katundu pa keliyala, wopanda kumene watumidwa, anthu amamufunsa mwaulemu kuti, "Kodi galimoto yawonongeka, bambo?" Ine nditi palibe chamanyazi pamenepo. Thupi limene latumikira banja zaka 30 pa mpando wa mu ofesi liyenera kupatsidwa mpweya wa kunyanja ndi thukuta labwino, ndipo njinga imachita zimenezi mosapweteka mawondo monga kumachitira kuthamanga.

Koma njinga yake iti? Apa ndiyenera kunena zimene zinandigwera, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinagula njinga ya pa kaunjika ku Mzuzu, yofiira, yopepuka mwakuti ndinainyamula ndi zala ziwiri, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala ake owonda ngati chala, a mamilimita 23. Wogulitsa anati, "Bwana, iyi sapalasa, imauluka yokha." Tsiku loyamba ndisanafike n'komwe pa mphambano, khosi linali litauma chifukwa chodzutsa mutu kuti ndione kutsogolo, zala zinali zitachita dzanzi, ndipo pakati pa chitunda, giya yofewa kwambiri itandikanika, ndinatsika n'kuyamba kukankha. Njingayo inalibe chilema chilichonse, koma anaipangira mnyamata wampikisano, wa msana wofewa, wothamanga pa phula losalala la kwina, ndipo ine ndinali ngati Davide atavekedwa zida za Sauli, zabwino ndithu, zachifumu, koma zosayenerana ndi thupi lake. Inakhala pakhonde miyezi yambiri ikuchita dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba tsono ndi msinkhu, ndipo pamenepa palibe dzina la kampani limene lingapulumutse munthu. Wogula aime chotangadza mtanda wa njinga mapazi onse ali pansi, ndipo pakati pa mtandawo ndi thupi lake patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Akakhala pa chishalo, aike chidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni: mwendo ukawongoka bwino popanda chiuno kupendekera, chishalo chili pamalo pake, ndipo akadzapalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lidzapindika pang'ono monga kuyenera. Ambiri a ife timatsitsa chishalo poopa kugwa, ndipo pambuyo pake timadandaula kuti njinga imapweteka mawondo. Mahandulo akhale ofanana msinkhu ndi chishalo kapena okwererapo pang'ono, kuti munthu awagwire zigongono zili zopindika, osachita kudzitambasula ngati wotunga madzi m'chitsime chakuya. Mahandulo opindika sindiwakana, pakuti amapatsa manja malo angapo ogwira pa ulendo wautali. Chimene ndikana ndi kuwaika pansi kwambiri mwakuti wokwera amangoona tayala lakutsogolo, nyanja yonse ikumudutsa osaiona. Za chishalo ndingonena kuti chofewa ngati pilo chimanyenga: pa mphindi zisanu zoyamba chimakoma, koma pakatha ola chimatentha ndi kunyula khungu, pamene cholimbirapo, chotambalala mokwanira kuti mafupa okhalira atsamirepo, chimasunga munthu tsiku lonse.

Pa magiya m'pamene ndifuna kukhalitsa, chifukwa m'pamene dera lathu limasiyana ndi Nkhotakota kapena Salima. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita opitirira 1,200, ndipo mtunda wa pakati pake sukwana makilomita 50. Amene wadutsapo pa Mpamba n'kuyamba kukwera mapiri akutsogolo adziwa mmene ngakhale malole amabuulira. Sindikuti aliyense akapalase mpaka ku Mzuzu, koma ngakhale msewu wa M5 wolowera ku Chintheche, umene ndi wabwino koposa kwa woyamba kumene, uli ndi zikweza zake zosaleka. Wogula asanyengedwe ndi chiwerengero cha magiya, kuti njinga iyi ili ndi 21 ndipo iyo ili ndi 16 yokha; chofunika ndi kufewa kwa giya yotsiriza. Awerame, awerenge mano. Njinga zakale zampikisano zimakhala ndi mano 39 kapena 42 pa gudumu laling'ono la kutsogolo, ndi 23 kapena 25 pa lalikulu la kumbuyo, ndipo zimenezi pa Nkhata Bay ndi chilango. Munthu wa zaka zathu afune mano 34 kapena ochepera apo kutsogolo, ndi 32 kapena 34 kumbuyo, kuti pa chitunda pedulo ikazungulira kamodzi, tayala nalo lizungulire pafupifupi kamodzi, iye ali chikhalire, akupuma bwino, akutha ngakhale kuyankha moni wa anthu a m'njira. Wanzeru amayamba wawerengera mtengo asanamange nsanja, ndipo kwa wokwera njinga kuno mtengo wake ndi chitunda chobwerera kunyumba, chimene chimamupeza atatopa kale.

Chimene chakwera chiyeneranso kutsika, ndipo mtsetse wolowa m'tauni suchitira chifundo njinga yopanda mabuleki. Boma lathu ndi limodzi mwa madera a mvula yambiri m'Malawi, ndipo mabuleki ogwira pa limu amachedwa kuluma limuyo ikanyowa, makamaka ikakhala yachitsulo chonyezimira monga ya njinga zakuda zija. Mabuleki a disiki amagwira bwino pa mvula, koma wogula ayambe wafunsa ngati mapadi ake amapezeka. Apo ayi, atenge ogwira pa limu ya aluminiyamu, okhala ndi mphira watsopano ndi mawaya osachita dzimbiri, amene zala zake zimawafikira mosavutika. Chisoti choteteza mutu achiwerengere pamodzi ndi mtengo wa njinga, pakuti msewu timagawana ndi maminibasi othamangira okwera.

Ndikamadutsa m'mitengo ya mphira ya ku Vizara, pamene anyamata amaima m'mbali mwa msewu akudundulitsa mipira yawo kuti apaulendo agule, ndimakumbukira kuti utomoni wa mtundu womwewo ndiwo unasandutsa njinga kukhala chinthu chokoma kukwera. M'chaka cha 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, analembetsa tayala lopopa mpweya, limene anayamba kulipanga pofuna kuti mwana wake asamagwedezeke pa kanjinga kake. Cholinga chake chinali kufewetsa ulendo, ndipo amene amagula tayala lowonda n'kulipopa mpaka kuuma ngati mwala wataya mphatso imeneyo. Tayala la mamilimita 32 kapena 35 limameza timiyala ndi zigamba za phula, silichita mantha phula likatha munthu akapatukira ku Bandawe kukaona tchalitchi chakale cha mishoni imene Dr Robert Laws anasamutsirako mu 1881, ndiponso siliphwa kawirikawiri. Chenjezo lina n'lakuti matayala amene onse amatchedwa 28 si amodzi ayi: la njinga yakuda ija ndi lokulirapo kuposa la 700C limene njinga zapamsewu zimavala, ndipo limodzi silikwana pa limu ya linzake. Timilomo ta machubu natonso timasiyana, ndipo pampu ya kwa amisiri athu kawirikawiri sigwira kamlomo kowonda ka njinga zampikisano. Safunsa anadya phula. Wogula atenge machubu awiri ndi pampu yake tsiku lomwelo.

Wina adzati, nanga bwanji osangogula njinga yamapiri, kapena Buffalo imene anaipangira misewu yathu ndipo imapirira katundu wolemera? Funsolo ndi lachilungamo, ndipo kwa amene akhala kumene phula silifika, kapena afuna njinga imodzi yogwira ntchito zonse, ndivomereza ndi mtima wonse. Njinga yamapiri yovekedwa matayala osalala imatumikira bwino kwambiri kuposa yampikisano yosayenera thupi. Koma Buffalo ndi yolemera, ndipo yofala ija ili ndi giya imodzi yokha. Ulemu wake uli pa kusenza, pamene munthu wofuna kupita ku Chintheche ndi kubwerako dzuwa lisanatenthe amafuna yopepukirapo. Pa felemu ndimakonda yachitsulo, chifukwa ikathyoka mmisiri wowotcherera wa pamsika amaibwezeretsa, malinga mwini wake aziipukuta ndi kuthira mafuta pa tcheni chifukwa cha chinyezi cha kunyanja. Ya aluminiyamu ndi yabwinonso, koma ya kaboni ya pa kaunjika, imene mng'alu wake umabisala pansi pa utoto, ndimaiopa.

Njinga imene ndili nayo lero ndinaigula nditatenga mmisiri wokonza njinga kuti tikaione limodzi. Iye anazunguza matayala kuti aone ngati malimu akuvina, anagwedeza mapedulo ndi mahabu, anatsina masipoko awiriawiri, ndipo pomaliza anauza wogulitsa kuti, "Achimwene, aloleni bambowa akakwere nayo chitunda icho kaye, ine nditsala pano ngati chikole." Ndinakwera, ndinatsika, ndinakweranso. Loweruka lapitali ndinanyamuka nayo m'bandakucha, asodzi akubwera kumene ndi nyali zawo zozima, ndipo pofika pamwamba pa chitunda ndinali ndikadali ndi mpweya wokwanira kutembenuka ndi kuona dzuwa likutuluka kutsidya kwa nyanja, mwera usanayambe kuwomba.