Tsamba limodzi patsiku, ndi mnzako wokutsutsa

Kuyambira mu 1991, kwa zaka zambirimbiri, anthu okwera sitima ya pamtunda yonyamuka ku Far Rockaway nthawi ya 7:51 m'mawa kupita pakati pa mzinda wa New York ankaona zachilendo m'bogi yomaliza. Azibambo opita ku ntchito, ena owerengera ndalama, ena a m'mabanki, ena amalonda, ankakhala chifupichifupi, aliyense chibuku chili pamiyendo. Mmodzi ankawerenga mokweza m'Chiaramu n'kumamasulira, enawo n'kumamudula ndi mafunso. Sitima ikaima pa Penn Station mabuku ankatsekedwa, aliyense n'kulowera kwake. Panalibe mayeso amene ankawakonzekera, panalibe satifiketi, ndipo malipiro a pamwezi sankakwera chifukwa cha kuwerengako.

Mwambowu umatchedwa Daf Yomi: kuwerenga tsamba limodzi la Talmud, kutsogolo ndi kuseri, tsiku lililonse. Talmud ya ku Babulo ndi mulu wa mabuku osunga zokambirana za arabi, aphunzitsi akale a Chiyuda, ndipo idasonkhanitsidwa pafupifupi zaka 1,500 zapitazo. Ili ndi masamba 2,711. Munthu wowerenga osadumpha tsiku, ngakhale la Sabata, la ukwati kapena la matenda, amamaliza patatha zaka 7 ndi miyezi pafupifupi 5. Adabwera ndi ganizoli ndi Rabi Meir Shapiro wa ku Poland, pa msonkhano waukulu wa bungwe la Agudath Israel ku Vienna mu 1923, ali ndi zaka 36. Iye adaona kuti masukulu ankangobwereza mabuku ochepa okondedwa, ena onse ali gwaa pa shelefu. Adafunanso kuti Myuda akayenda ulendo wa panyanja n'kukafika dziko lachilendo, akalowa m'sunagoge akapeze anthu ali pa tsamba lomwelo limene iye walisiya m'sitima. Adayamba pa 11 September 1923. Shapiro adamwalira mu 1933, koma pa 1 January 2020 anthu oposa 90,000 adadzaza bwalo la MetLife ku New Jersey, m'chisanu choluma, kukondwerera kuti mabukuwo awamaliza kachi 13. Patangopita masiku ochepa adatsegulanso tsamba loyamba.

Nkhaniyi imandigwira mtima chifukwa cha msinkhu wa ophunzirawo. Ambirife tidakula tikudziwa kuti sukulu ndi ya ana, munthu akakwatira n'kupeza ntchito mabuku amapita m'katoni. Kwa Myuda wosunga mwambo, kuphunzira ndi lamulo la Mulungu lofanana ndi kupemphera, ndipo silitha ndi ukalamba kapena umphawi.

Sitima ija ndi yongobwereka. Kwawo kwenikweni kwa maphunzirowa ndi ku sunagoge. Masunagoge ambiri ali ndi chipinda chotchedwa beit midrash, ndipo m'madera ena chipinda chopemphereramo n'chomwechonso chophunziriramo. Mlendo woyembekeza bata la m'laibulale amadabwa, chifukwa mumakhala phokoso. Pamatebulo ataliatali anthu amakhala awiriawiri, chala pa mzere, thupi likugwedezeka, mawu akukwera ndi kutsika ngati akuimba. Mnzako wophunzira naye amatchedwa chavruta, ndipo ntchito yake ndi kukufunsa kuti zimene wanenazo wazitenga pati. M'masunagoge ambiri phunziro la tsamba la tsikulo limachitika mbandakucha, mapemphero a m'mawa asanayambe, kapena madzulo pakati pa mapemphero awiri omaliza, kuti wogwira ntchito asasowe mpata. Usiku wa chikondwerero cha Shavuot ambiri amachezera mpaka kucha akuphunzira.

Tsambalo lokha limakuuza kuti pano pali mtsutso. Pakati pali mawu a Talmud m'zilembo zazikulu. Mbali ya m'kati, kufupi ndi msoko wa buku, kuli ndemanga za Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes ku France amene adamwalira mu 1105. Mbali ya kunja kuli Tosafot, zolemba za ophunzira a m'mibadwo yotsatira, ena mwa iwo zidzukulu zake, ndipo kawirikawiri amatsutsana naye agogo awowo. Manambala a masamba adakhazikika ndi Daniel Bomberg, Mkhristu wosindikiza mabuku ku Venice pakati pa 1520 ndi 1523, ndipo makope a lero amatsata mtundu wosindikizidwa ku Vilna m'ma 1880. N'chifukwa chake wa ku Johannesburg ndi wa ku Buenos Aires akatchula tsamba amakhala akunena mizere imodzimodzi. Nkhani zake si zakumwamba zokhazokha ayi. Muli za ng'ombe yogunda ya mnzake, za anthu awiri olimbirana chovala chotola, za kulipira waganyu dzuwa lisanalowe, za khoma la pamalire. Wamalonda amene masana amakangana za ngongole, madzulo amapeza mkangano womwewo uli m'buku lopatulika.

Muzu wa mwambo wophunzirawu uli m'tsoka. Aroma atagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, nsembe zidatha, ndipo ansembe adatsala opanda guwa. Mbiri ya arabi imati Yohanan ben Zakkai adatuluka mu mzinda wozingidwawo n'kukasonkhanitsa ophunzira ku Yavneh. Kuyambira pamenepo chipembedzo chidatsamira pa chinthu chimene munthu angathe kuthawa nacho. Ku Babulo, masukulu a Sura ndi Pumbedita ankatsegula zitseko miyezi iwiri pachaka, Adara ndi Eluli, kuti anthu wamba asiye minda ndi malonda adzaphunzire, kenako abwerere kwawo. M'matauni a Kum'mawa kwa Ulaya amisiri ankapanga magulu awo ophunzirira, atelala paokha, osoka nsapato paokha. Wolemba mabuku wachiyuda Abraham Joshua Heschel adafotokozapo za buku lina lopulumuka pa nkhondo, lokhala ndi chidindo cha gulu la owaza nkhuni a ku Berdichev ophunzira Mishnah, maziko a Talmud. Ndimawaganizira anthu amenewo, manja ali zikangazikanga, akutsegula buku madzulo, ndipo mawu akuti ndilibe nthawi amandivuta kuwatchula.

Komatu chimene chimatsekereza wamkulu kuphunzira kawirikawiri si nthawi. Ndi manyazi. Aphunzitsi a sukulu za kwacha kuno kwathu amalidziwa vutoli: m'kalasi mumadzaza amayi, abambo akuzemba poopa kuonedwa akugwira pensulo ngati mwana wa sitandade wani. Ayuda nawonso manyaziwa amawadziwa, ndipo adasunga nkhani yowachizira. Rabi Akiva, mmodzi mwa akuluakulu a Talmud, anali mbusa wa ziweto wosadziwa chilembo mpaka zaka 40. Nkhaniyo imati adaona mwala wa pachitsime utabooka ndi madontho a madzi, n'kuganiza kuti mtima wake sungalimbe kuposa mwala. Adapita kukakhala pansi pamodzi ndi mwana wake kwa mphunzitsi wa ana, n'kuyambira pa chilembo choyamba. Munthu wa imvi akalowa m'kalasi ya oyamba kumene Chihebri ku sunagoge lero, amadziwa kuti wina wamkulu adakhalapo pa benchi yomweyo.

Amene adalimvetsa bwino vutoli m'nthawi zathu ndi Franz Rosenzweig wa ku Germany. Adakulira m'banja lachiyuda lophunzira kwambiri zachizungu koma lodziwa pang'ono za kwawo. Mu 1913 adatsala pang'ono kubatizidwa, koma atapita ku mapemphero a Yom Kippur m'sunagoge ina ku Berlin adasintha maganizo. Mu 1920 adatsogolera sukulu ya akuluakulu ku Frankfurt, Freies Jüdisches Lehrhaus, ya anthu onga iye: madokotala, maloya, amayi ophunzira, odziwa ndakatulo za Goethe pamtima koma osatha kuwerenga pemphero la Chihebri. Panalibe mayeso olowera. Aphunzitsi ena sanali arabi. Eduard Strauss anali katswiri wa kemisitiri, Richard Koch anali dokotala. Rosenzweig ankakhulupirira kuti wobwerera kuchokera kutali amaphunzitsidwa bwino ndi mnzake amene nayenso akubwerera, ndipo kuti phunziro liyambire pa funso la wophunzira. Adadwala matenda opha ziwalo kuyambira 1922 n'kumwalira mu 1929. Martin Buber adatsegulanso sukuluyo mu 1933, chaka chimene Hitler adatenga boma, ndipo idapitirira mpaka 1938. Anthu ochotsedwa ntchito, ana awo akupirikitsidwa m'masukulu, ankasonkhana madzulo kuphunzira kuti Chiyuda chimene akuzunzidwiracho n'chiyani. Maphunziro ambiri a akuluakulu m'masunagoge a lero, komanso sukulu ya Florence Melton yoyamba mu 1986 ndi misonkhano ya Limmud yoyamba ku Britain mu 1980, amayenda m'mapazi amenewo.

Sindinganene kuti khomo linali lotseguka kwa onse. Talmud yomweyo imasimba za Hillel, mmphawi amene tsiku lina adasowa ndalama yopatsa mlonda wa pakhomo, n'kukwera padenga kukamvetsera pa zenera, mpaka m'mawa adamupeza atakwiririka ndi chipale chofewa. Imasimbanso za tsiku limene mlonda adachotsedwa pa sukulu ya ku Yavneh, ophunzira n'kuchuluka kotero kuti adawonjezera mabenchi. Wina amati 400, wina 700. Koma mlonda wina adakhalabe pakhomo zaka mazana ambiri, woletsa akazi. Mkazi ankayamikiridwa chifukwa chotumiza mwamuna ndi ana ku beit midrash, iye n'kutsala ndi sitolo ndi mphika. Ichi n'chilema chachikulu m'mbiri yokongolayi, ndipo amene adachikonza ndi akazi eni ake.

Nechama Leibowitz, wobadwira ku Riga mu 1905, adayamba mu 1942 kutumiza pa positi mapepala a mafunso a gawo la Torah, mabuku a Mose, la sabata iliyonse. Aliyense wofuna ankayankha n'kubweza, ndipo iye ankachonga yekha n'kutumizanso, kwa zaka pafupifupi 30. Ophunzira ake anali asilikali, anamwino, alimi, ogwira ntchito m'mafakitale ndi arabi omwe. Ku America, kumene mwambo wa bat mitzvah, wa mtsikana wofika msinkhu wosunga malamulo a chipembedzo, udayamba ndi Judith Kaplan mu 1922, amayi amene adakula mwayiwo usanafalikire adayamba m'ma 1970 kulowa makalasi a chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kudzaima pamaso pa mpingo kuwerenga Torah ali ndi zidzukulu kale. Kaplan mwiniwake adachitanso mwambowo ali ndi zaka 82. Ndipo pa 5 January 2020, ku Yerusalemu, akazi oposa 3,000 adasonkhana kukondwerera kumaliza Talmud, motsogozedwa ndi bungwe la Hadran ndi Michelle Cohen Farber, amene ankaphunzitsa tsamba la tsiku m'nyumba mwake ku Ra'anana. M'magulu ena osunga mwambo mwamphamvu khomolo likadali lotseka, ndipo ine ndimaona kuti akudzimana okha theka la mafunso.

Mlonda wa chinenero nayenso adagwa. Rabi Adin Steinsaltz adatha zaka 45, kuchokera 1965 mpaka 2010, akumasulira Talmud m'Chihebri cha lero. Kampani yosindikiza mabuku ya ArtScroll idamaliza ya Chingerezi m'mabuku 73 mu 2005. Ndipo kuyambira 2017 bungwe la Sefaria lidayamba kuyika Talmud yomasuliridwa pa intaneti kwaulere. Zonsezi n'zabwino, ndipo wozinyoza sadagonepo padenga.

Nkhawa yanga ili pa liwiro ndi pa kukhala wekha. Arabi ena adadandaula kuyambira kale kuti tsamba pa tsiku n'kuthamanga, kuti mfundo imene ikanafuna sabata yathunthu imadutsidwa m'mphindi 40 ndipo mawa yaiwalika. Dandauloli lili ndi mutu, ngakhale ine ndimaona kuti woiwala tsamba la dzulo aposa amene sadalitsegule. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi munthu womvetsera phunziro pa foni, zomvera zili m'makutu, akuyendetsa galimoto. Amamva zonse, amavomereza zonse, ndipo palibe womufunsa kanthu. Safunsa adadya phula, koma wosafunsidwa naye ali pa ngozi yomweyo.

Talmud ili ndi nkhani yowawa pa mfundoyi. Rabi Yohanan wa ku Tiberias anali ndi mnzake wophunzira naye, Resh Lakish, amene kale anali chigawenga ndipo adayamba mabuku ali wamkulu, n'kukwatira mlongo wake wa Yohanan. Tsiku lina adakangana pa funso laling'ono lokhudza mipeni ndi malupanga, Yohanan n'kumukumbutsa za moyo wake wakale. Resh Lakish adapwetekeka mtima, adadwala, adamwalira. Arabi adatumiza wophunzira wanzeru, Elazar ben Pedat, kuti akatonthoze mkuluyo. Yohanan akanena mfundo, Elazar ankabweretsa umboni womuvomereza. Yohanan adapsa mtima: Resh Lakish ankamutsutsa ndi mafunso 24 pa mfundo iliyonse, iye n'kuyankha onse 24, ndipo nkhani inkakula n'kumveka, nanga womuuza kuti wanena zoona anali wa ntchito yanji, ngati kuti iye mwini sadziwa? Adayendayenda akung'amba zovala, akuitana dzina la mnzakeyo, mpaka mutu udasokonekera, ndipo naye adamwalira.

Anthu amene adasunga nkhani yotere m'buku lawo lopatulika ankadziwa kuti kutsutsana kungathe kupha ubale pamene ulemu wasowa, komanso kuti popanda kutsutsana maphunziro amafa. Mabungwe ena, monga Partners in Torah, adaona kusowekaku ndipo amalumikiza anthu awiri osadziwana kuti aziphunzira limodzi pa foni kamodzi pa sabata. N'chiyambi chabwino. Koma ntchito imeneyi mwini wake ndi sunagoge, chifukwa ndi kumene anthu amadziwana nkhope, kumene rabi angaone wamasiye amene wasiya kubwera ndi mnyamata amene amaopa kufunsa, n'kuwakhazika pa tebulo limodzi Lachiwiri madzulo, buku limodzi pakati pawo.